Kuchokera pa kwinini kufika pa LA: mbiri ya lilime lathu ndi mayina aatali a mankhwala

Mu 1993 boma lidalengeza kuti kolokwini watha mphamvu, ndipo wodwala malungo azipatsidwa mankhwala ena. Malawi ndiye adali woyamba mu Africa muno kuchita zimenezi. Mayiko oyandikana nafe adatsatira patapita zaka. Koma mankhwala atsopanowo adabwera ndi mtolo wake. Dzina lawo lidali sulfadoxine-pyrimethamine, malembo 24 ondondozana. Padalibe mayi wa ku Kanjedza ku Limbe amene akadaima pa golosale, mwana ali kumsana thupi litatentha, n'kuyamba kulimbana ndi dzina lotere. Anthu adangotola dzina limene kampani ya Roche idalemba pa paketi, Fansidar, n'kutaya r wa kumapeto, basi yatha nkhani: fansida. Anamwino nawo sadafune kutopetsa dzanja, m'mabuku ankangolemba kuti SP.

Mkangano wa lilime lathu ndi mayina oterewa sudayambe chaka chimenecho. Ndi wakale kuposa nyumba za ku Kanjedza, wakale kuposa njanji imene idabala tawuni ya Limbe. Mabuku a mbiri amakumbukira Kanjedza chifukwa cha msasa umene atsamunda adatsekeramo anthu mu 1959, ndipo ambirife timamudziwa ndi sukulu yophunzitsa apolisi. Zimene zimachitika tsiku ndi tsiku m'magolosale, m'mafamase ndi m'makalasi a m'deramo, pamene pakamwa pokulira Chichewa pakumana ndi dzina lopangidwa ku Basel kapena ku Geneva, sitiziwerengera ngati mbiri. Chonsecho moyo wa munthu nthawi zina umadalira kachidutswa kamodzi ka dzina kamene lilime lataya panjira.

Woyamba kufika adali kwinini. David Livingstone pokwera mtsinje wa Shire mu 1859 adali naye m'bokosi, ndipo adali ndi mapiritsi ake odzipangira osakaniza kwinini ndi mankhwala otsegula m'mimba. Bishopu Charles Mackenzie, amene adatsegula mishoni ku Magomero mu 1861, adamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, bwato lake litagudubuka n'kumiza mankhwala. Amishoni a ku Scotland amene adakhazikika ku Blantyre mu 1876 adadziwiratu kuti popanda kwinini sakhalitsa. Dzinalo lidali litayenda kale ulendo wautali. Lidachokera kwa anthu olankhula Quechua ku Peru, amene khungwa la mtengo ankalitcha kina. Afalansa awiri, Pelletier ndi Caventou, adatulutsa mankhwala ake m'khungwalo mu 1820 n'kuwapatsa dzina. Mpaka lero Mngelezi ndi Mmereka satchula dzinali mofanana: wina amati kwiniin, wina kwainain. Kuno kwathu lidafika ngati lobadwira konkuno. Kwi tidali naye kale mu kwiya ndi kwina, ndipo ni wachiwiri adangodzibwerera yekha kudzatseka mawuwo. Ndi mayina ochepa amene adachita mwayi wotere.

Lamulo limene lidawonjezera i pa kwinini aliyense wa ife amalitsata asadalowe n'komwe m'kalasi. Phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu. Kupatula m wa mu m'nyumba kapena m'bale, lembo lopanda liwu silimaima lokha, ndipo silitseka mawu. Amishoni atayamba kulemba chinenerochi adapeza lamuloli lilipo kale, ndipo sukulu zawo zidaphunzitsa kuwerenga molitsata: ba be bi bo bu, ma me mi mo mu, mwana akuimba mpaka zitalowa m'magazi. Choncho mawu achilendo akafika ndi malembo opanda liwu othinana, lilime limalowetsa liwu pakati. Ndi mmene tidapezera sukulu, sitolo, buledi, supuni. Kawirikawiri pafupi ndi b, p, f ndi m, amene amatchulidwa ndi milomo, pamalowa u. Kwina konse pamakonda kulowa i. Mawu oyamba a sayansi ya mankhwala adalowa pakhomo lomweli osagogoda: palafini, petulo, sopo, soda, asidi wa batire, asipulini, penisilini. Agogo amene ankaphika therere ndi chidulo atasinthira ku soda wa m'sitolo sadafunse kuti dzina lake lonse ndi sodium bicarbonate. Theka la dzina lidawakwanira.

Pamene izi zinkachitika kuno, ku Ulaya akatswiri adali kalikiliki kutalikitsa mayina, ndipo ankachita dala. Mu 1787 Antoine Lavoisier ndi anzake atatu adasindikiza buku ku Paris lonena kuti dzina la mankhwala lizinena zimene zili m'kati mwake, osati mtundu wake, fungo lake kapena munthu amene adawatulukira. Mu 1892, chaka chomwe David Clement Scott wa ku Blantyre Mission adatulutsa dikishonale yake ya Chimang'anja, akatswiri adakumana ku Geneva n'kugwirizana malamulo otchulira mankhwala okhala ndi kaboni. Mu 1919 padabadwa bungwe la IUPAC, limene likuyang'anirabe malamulowa. Kuyambira pamenepo dzina lalitali silikhalanso mawu amodzi. Ndi tizidutswa tolumikiza, kalikonse ndi uthenga wake. Alimi a thonje a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amene ankapopera DDT m'minda mwawo ankanyamula kumsana chinthu chotchedwa dichlorodiphenyltrichloroethane, malembo 31. Koma dulani motere: di, chloro, di, phenyl, tri, chloro, ethane. Di ndi ziwiri, tri ndi zitatu, chloro ndi klorini yemweyu timathira m'madzi, ethane ndi thunthu la maatomu awiri a kaboni limene zonsezo zamererapo. Chilombo chija chasanduka mawu asanu obwerezabwereza.

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo aphunzitsi ambiri amapadutsa mothamanga. Lilime la Chichewa ndi katswiri wa mankhwala onse amadula dzina, koma sadula pamodzi. Ife timadula pambuyo pa lembo la liwu. Iye nthawi zambiri amadula pambuyo pa lembo lopanda liwu. Tengani propanol. Pakamwa pathu pamatuluka pu, ro, pa, no, lo. Katswiri akuona prop, an, ol: prop akunena kuti maatomu a kaboni alipo atatu, an akunena kuti pakati pawo pali chomangira chimodzichimodzi, ol akunena kuti chinthuchi ndi cha banja la mowa. Wodula ndi lilime lokha, n wa an amamusamutsira ku ol n'kukhala no, p wa prop amapita kwa a n'kukhala pa, ndipo tizidutswa tonse titatu tatanthauzo tasowa. Zili ngati nzimbe: mutha kuidula paliponse n'kutafuna, koma wofuna kubzala amayang'ana pali mfundo, chifukwa diso lili pamenepo.

Vutoli lidayamba kuoneka bwino sayansi italowa m'sukulu za sekondale, ndipo lidakula pamene University of Malawi idatsegula makalasi ake oyamba ku Chichiri mu 1965, mtunda woyenda wapansi kuchokera ku Kanjedza, Chancellor College isadasamukire ku Zomba mu 1973. Mibadwo ya ophunzira idakumana ndi mayinawa mu Physical Science, phunziro limene tsopano lidagawidwa pawiri, Physics payekha Chemistry payekha. Pitani madzulo m'nyumba ina iliyonse ya m'derali muli mwana wa Fomu 3 mayeso atayandikira. Mumupeza pa mpando wa pakhonde, kope lili pa ntchafu, akuyimba ngati wa Sitandade 1: metheni, etheni, puropeni, byuteni. Ndiye akafika pa banja lina la mankhwala lotchedwa alkene ayimbanso chimodzimodzi: etheni, puropeni, byuteni. Apa ndi pamene malikisi amathawira. Mu Chingelezi ethane ndi ethene zimasiyana ndi liwu limodzi lokha la kumapeto, ein ndi iin, ndipo ethyne amathera ndi ain. Zinthu zitatu zosiyana, koma khutu lozolowera malembo a liwu asanu limamva chimodzi. Aphunzitsi ochenjera adapeza njira yawo kalekale. Amaima pa bolodi n'kunena mokokomeza kuti "etheini wa a, ethiini wa e," choko chikugogoda pa lembolo, ndipo ana amalemba bwino. Katchulidwe kameneko ku London sakadziwa, koma kamadutsitsa mwana pa mayeso a MANEB.

Palinso msampha wina umene tidadzitchera tokha posankha malembo. Mwana amene waphunzira bwino Chichewa amadziwa kuti ph ndi wa phala ndi phiri, th ndi wa thumba, ch ndi wa chimanga. Akatsegula buku la sayansi amapeza kuti ph wa phosphate ndi f, ch wa chlorine ndi k, ndipo th wa methane ndi liwu limene m'Chichewa mulibe, lotchula lilime litaluma pakati pa mano. Malembo amenewa ndi zipsera za Chigiriki zimene Chingelezi chidatengera kudzera m'Chilatini. Ndiye pali l ndi r, amene kwa ife ndi liwu limodzi losintha malinga ndi malo; kusukulu adatiphunzitsa kuti r amabwera pambuyo pa i ndi e, kwina konse ndi l. Chlorine ali ndi onse awiri, fluoride chimodzimodzi, ndipo ndi chifukwa chake pa mapepala a mayeso amasinthana malo. Onjezani sulphate, sulphite ndi sulphide, kapena nitrate ndi nitrite. Tikawavala i wathu kumapeto, kusiyana konse kumatsala pa liwu limodzi la pakati, lija timalimeza tikamafulumira.

Chingelezi chili ndi khalidwe linanso. M'mawu aatali chimasankha phatikizo limodzi n'kulimenya mwamphamvu, ena onse n'kuwafinya mpaka mawu ake osamveka. Mngelezi ponena paracetamol amakweza sii wa pakati, ponena amoxicillin amakweza si wa kumapeto. Ife timapatsa phatikizo lililonse ulemu wake, n'kukoka lotsatizana ndi lomaliza: a, mo, ki, si, lii, ni. Pali anthu, makamaka ophunzira pang'ono, amene amaseka katchulidwe kameneka ngati chizindikiro cha umbuli. Ine ndimakana. Eni chinenerocho samvana okhaokha: methyl ku Britain ambiri amati miithail, ku America methil, ena amalemba aluminium, ena aluminum, IUPAC idagamula mu 1990 kuti sulfur azilembedwa ndi f, koma mabuku athu ambiri akadali pa ph. Ajapani nawo ali ndi lamulo la maphatikizo lofanana kwambiri ndi lathu, moti chloroform amamutcha kurorohorumu, ndipo izi sizidawalepheretse kulandira mphoto za Nobel pa sayansi ya mankhwala. Kulowetsa u kapena i si tchimo. Ndipotu wotchula phatikizo lililonse momveka saiwala malembo polemba. Cholakwika ndi kusadziwa pamene pali mfundo.

Kunja kwa kalasi anthu sadadikire mphunzitsi. Kolokwini, amene Hans Andersag adamupanga ku kampani ya Bayer mu 1934, adafala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Chloroquine wa Chingelezi ali ndi maphatikizo atatu. Ife tidataya ro wa pakati, tidamasula kl kukhala kolo, n'kulumikiza ndi kwini amene tidamudziwa kale. Mwangozi, kudula kumeneku kudasunga choonadi, chifukwa kolokwini ndi kwinini ndi apachibale ndithu. Akuluakulu a m'Kanjedza amakumbukira kuwawa kwake, kuyabwa thupi lonse usiku, ndi timapaketi ta Norolon ta m'magolosale. Pofika m'ma 1980 tizilombo ta malungo tidayamba kumupirira, ndipo ndi zimene zidabweretsa fansida wa 1993 uja, mibulu itatu kamodzi n'kamodzi, osabwerezanso mawa.

Nkhani ya kolokwini ili ndi mchira wodabwitsa umene udaonekera kwa anansi athu a ku Ndirande. Ofufuza a Blantyre Malaria Project adayesa ana 210 odwala malungo kumeneko mu 2005, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2006: kolokwini adachiza ana 99 mwa 100 aliwonse, SP adachiza 21 okha. Patatha zaka 12 osagwiritsidwa ntchito, mankhwala akale aja adali atabwerera mphamvu. Boma silidabwerere kwa iye, poopa kuti tizilombo topirira tidali tikadali m'mayiko otizungulira. M'malo mwake, kumapeto kwa 2007 kudabwera mankhwala ophatikiza artemether ndi lumefantrine. Woyambayo amachokera ku chitsamba cha ku China, ndipo Tu Youyou amene adatsogolera ntchito yotulutsa mankhwala ake adalandira mphoto ya Nobel mu 2015. Mayiko ambiri amafupikitsa dzinali kuti AL. Malawi adalitembenuza, LA, ndipo anthu sadavutike n'kutchula malembo awiri padera. Adaliwerenga monga tidaphunzirira mu Sitandade 1: la. Mwa mayina onse amene boma lidatipatsapo, ili ndilo lidakhala bwino pakamwa, phatikizo limodzi lathunthu la Chichewa m'malo mwa maphatikizo asanu ndi atatu a Chingelezi. Fansida sadathe, amayi oyembekezera amamwabe ku sikelo.

Matenda a Edzi adabweretsa njira ina yozembera mayina. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, m'bulu umodzi wa Triomune, wopangidwa ndi kampani ya Cipla ya ku India, udali ndi stavudine, lamivudine ndi nevirapine. Anthu wamba adangoti mankhwala otalikitsa moyo, ndipo m'makwalala mudabadwa mayina ena ozimbaitsa, chifukwa nthawi imeneyo kutchula poyera kudali kovuta kuposa kutchula molondola. Achipatala adasankha manambala. Mankhwala oyamba aja adakhala 1A. Mu 2011, pamene Malawi adayambitsa ndondomeko ya Option B+ yopatsa mankhwala mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilombo, kudabwera 5A, wa tenofovir, lamivudine ndi efavirenz. Mu 2019 kudabwera 13A, momwe efavirenz adalowedwa m'malo ndi dolutegravir. Manambalawa adathandiza kwambiri. Mlangizi wa zaumoyo, namwino ndi wodwala ankamvana popanda wina kuluma lilime. Koma 13A ndi chinenero cha m'dziko muno mokha. Mnyamata wa ku Bangwe amene wapita kukagwira ntchito ku Johannesburg mankhwala n'kumuthera, akanena kuti faivi e kapena sateni e pa kiliniki ya kumeneko, amangomuyang'ana. Chimene chingamuthandize ndi mayina atatu aatali aja amene sadawaphunzire.

Kumunda ndi ku ntchito zamanja zidayenda mofulumira, popanda unduna wolamula. Feteleza wa 23:21:0+4S adakhala wachitowe kapena wokulitsa, yureya adakhala wobereketsa, calcium ammonium nitrate adangokhala kani. Mankhwala othira m'chimanga, amene m'kati mwake muli pirimiphos-methyl, ndi akiteliki. Poizoni wa aldicarb, wogulitsidwa ndi dzina la Temik, adasanduka tameki, dzina limene limamveka m'nkhani zachisoni kuposa m'munda. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene adachedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre, adaphunzitsa ngakhale ana kunena klorini. Koma taonani sipiliti. Dzina lonse ndi methylated spirit, ndipo chidutswa chimene tidataya, methylated, ndicho chenjezo. Chikunena kuti mu ethanol, mowa womwe uja uli mu kachasu, umene amapanganso ku Dwangwa kuyambira 1982 ndi ku Chikwawa kuti usakanizidwe ndi petulo, athiramo methanol. Kusiyana kwa mayina awiriwa ndi m mmodzi kutsogolo. Pang'ono pokha pa methanol pamachititsa khungu, wochulukirapo amapha.

Ndiye tifike pa kauntala ya famase ina mu Limbe, masana a Loweruka, mzere utafika pakhomo. Bambo wina wachikulire watulutsa kapulasitiki kopanda kanthu, zolemba zake zitafufutika.

"Achimwene, ndipatseni ngati amenewa. Oyera aja, ozungulira, a mzere pakati."

"Oyera a mzere pakati alipo ambiri, bambo. Adokotala adakuuzani kuti ndi chiyani?"

"Adangoti ndizimwa awiri m'mawa awiri madzulo. Kapena ndi bakitilimu."

"Mankhwala ena adakuwenganipo?"

"Fansida yekha. Adanditulutsa zilonda m'kamwa, ndidagona ku chipatala cha Queens."

Mnyamata wa pa kauntalayo adabweza botolo pa shelefu. Adachita bwino, ndipo chifukwa chake chili m'dzina. Fansida ndi sulfadoxine ndi pyrimethamine. Bakitilimu, kapena kuti Bactrim, ndi sulfamethoxazole ndi trimethoprim. Onse awiri amayamba ndi sulfa, ndipo munthu amene thupi lake lidakana mmodzi akhoza kudwala koopsa ndi mnzakeyo. Mayina aatali amanena ubalewu poyera, pa malembo asanu oyambirira. Mayina athu afupi, fansida ndi bakitilimu, amaubisa kotheratu.

Bungwe la WHO lidaganizira zimenezi pamene lidayamba kutulutsa mayina ovomerezeka a mankhwala mu 1953. Mayina ambiri ali ndi chidutswa chonena banja lawo. Othera ndi cillin, monga amoxicillin, ampicillin ndi cloxacillin, ndi ana a penisilini, choncho amene penisilini amamuwenga asamale nawo onse. Okhala ndi vir amalimbana ndi mavairasi. Othera ndi olol kapena pril ndi a mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Paracetamol, amene ku America amamutcha acetaminophen, ali mu panado komanso m'mankhwala ambiri a chimfine ndi a mutu. Munthu amamwa atatu a mayina osiyana poganiza kuti ndi mankhwala atatu, pamene chiwindi chake chikulandira chinthu chimodzi katatu. Nawo mayina aatali ali ndi ngozi zake, tisawayeretse. Chlorpromazine ndi wa matenda a maganizo, chlorpropamide ndi wa shuga, ndipo adasokonezapo anthu m'zipatala za mayiko olankhula Chingelezi chokhachokha, moti tsopano ena amalemba chidutswa chosiyanacho ndi malembo akuluakulu. Wowerenga chlor yekha n'kulumpha zotsalazo, kaya ndi wa ku Kanjedza kaya wa ku Manchester, agwa m'dzenje lomwelo.

Ofufuza za maantibayotiki amene adayenda m'midzi ya ku Chikwawa adaona kuti kufunsa mayina sikuthandiza. Adayamba kuyenda ndi thumba la mankhwala, n'kumawayala pa mphasa kuti anthu aloze amene amawadziwa. M'tawuni si kuti zikusiyana kwenikweni. Timadziwa makapisozi ofiira ndi achikasu, fulajilo wa m'mimba, bufeni wa msana, pilitoni wa tulo, indosidi amene ena amaphera makoswe. Ogulitsa mankhwala mozemba m'misika amadyerera pomwepa, chifukwa wogula mtundu wa kapisozi sangadziwe ngati wapatsidwa china. Lamulo la 2019 lidakhazikitsa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority m'malo mwa bodi yakale ya lamulo la 1988, ndipo College of Medicine, imene idatsegulidwa mu 1991 ndipo tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, yakhala ikutulutsa akatswiri a zamankhwala. Anthu odziwa mayina tili nawo. Chimene chikusowa ndi mlatho pakati pa iwo ndi bambo uja wa kapulasitiki.

Mlathowo ukadamangidwa kale. Chichewa chidakhala chinenero cha fuko mu 1968, Chichewa Board idakhazikitsidwa mu 1972 n'kutulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990, ndipo mu 1996 ntchitoyo idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Koma sayansi idasiyidwa m'manja mwa Chingelezi, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 lidatsindika kuti Chingelezi ndicho chophunzitsira. Zotsatira zake mumaziona pa zikwangwani ndi m'manyuzipepala: apa klorini, apo kolorini, uko kulorini, wina yureya, wina yuliya. Anzathu a ku Tanzania, amene adakhazikitsa bungwe la BAKITA mu 1967, adakhala pansi n'kugwirizana kuti azilemba oksijeni, haidrojeni, kaboni. Sindikunena kuti timasulire sulfadoxine m'Chichewa. Dzina limenelo liyenera kukhala limodzi dziko lonse lapansi kuti wodwala akathandizidwe kulikonse. Ndikunena za kabuku kakang'ono, kolembedwa ndi a zamankhwala pamodzi ndi a zinenero, koika dzina lenileni, madulidwe ake pa mfundo, katchulidwe kake m'malembo athu, ndi dzina limene anthu amanena kumsika. Mankhwala amene chipatala chaching'ono chimapereka tsiku ndi tsiku si ochuluka moti ntchitoyi ingatenge zaka.

Pamene tikudikira kabukuko, inu amene mukuwerenga muli ndi mbali yanu. Mukalandira mankhwala m'kapulasitiki, pemphani kuti akulembereni dzina lonse m'buku lanu la kuchipatala, osati la kampani lokha kapena nambala yokha. Afunseni alitchule pang'onopang'ono, inu mubwereze ndi u ndi i wanu wonse, musachite manyazi. Ngati pali mankhwala amene adakuwenganipo, dziwani dzina lake lalitali ndipo ana anu alidziwenso.